Mafunso ndi mayankho: matebulo akale a mahogany a mapiko opinda ndi miyendo yowonda

Ntchito yanga kuno ku England ndi yokonza mipando ndi matebulo akale. Ukalipentala ndinauphunzira kwa bambo anga kumudzi, pa mbawa ndi mlombwa, ndipo manja amene anazolowera puleni ndi tchizulo sanasowe chochita nditafika kuno. Anzathu a kuno ndi ena a ku Joni amanditumizira zithunzi pa foni, wina waliona tebulo pa okushoni, wina wapatsidwa ndi gogo amene amamusamalira, wina walipeza m'sitolo ya katundu wakale. Mafunso awo amafanana, ndiye ndawasonkhanitsa pano.

Kodi tebulo lake ndi lotani kwenikweni?

Ndi katebulo kopepuka, msinkhu wake masentimita 70 kapena kuposerapo pang'ono. Pamwamba pake pali matabwa atatu: lapakati losasuntha, ndi awiri a m'mbali olendewera pa mahinjesi. Awiriwa ine ndimawatcha mapiko, chifukwa mukawatukula tebulo limatambasuka ngati mbalame, mukawatsitsa limafupika n'kukatsamira kukhoma osadya malo.

Chogwiriziza phiko chimakhala cha mitundu iwiri. Pa matebulo ena mwendo weniweniwo ndi umene umatseguka ngati chitseko cha khola n'kukaima pansi pa phiko. Pa ena miyendo yonse inayi imakhala chilili, ndipo pansi pa thabwa lapakati pamatuluka timikono tamatabwa timene timanyamula phikolo. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umatchedwa Pembroke, ndipo ndi umene umakhala ndi miyendo yowonda kwambiri. Mbali imodzi umakhala ndi dirowa, mbali inayo dirowa longoyerekezera, lokhala ndi chogwirira chake koma losatseguka, kuti tebulo lioneke bwino likakhala pakati pa chipinda.

M'nyumba za nthawi imeneyo mipando ndi matebulo zinkandandalikidwa kukhoma, n'kumazibweretsa pakati zikafunika. Patebulo ngati ili ankadyerapo kadzutsa, kulemberapo makalata, kusokerapo, ndi kumwerapo tiyi. Mu 1784 boma la Britain linatsitsa msonkho wa tiyi kuchoka pa 119 peresenti kufika pa 12.5 peresenti, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe matebulo otere anali m'fasho kwambiri.

Akamati Georgian amatanthauza chiyani?

Amanena nthawi ya mafumu anayi a ku Britain otsatizana, onse dzina lawo George, kuyambira 1714 mpaka 1830. Ndi zaka 116, choncho si masitayilo amodzi. M'nthawi ya George II, amene analamulira kuyambira 1727 mpaka 1760, miyendo inali yobulungira kapena yokhota, kumapeto kwake kuli kaphazi kophwatalala. Miyendo yowongoka ya mbali zinayi, yomka niwonda kumunsi, inatchuka cha pakati pa 1770 ndi 1800, m'nthawi ya George III. Anthu anali atayamba kufukula mizinda yakale ya Aroma, Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748, ndipo amisiri a zomangamanga ngati Robert Adam anabweretsa mtima wokonda zinthu zowongoka ndi zopepuka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790 miyendo yobulungira inabwereranso, koma tsopano yokhala ndi timizere tosema, ndipo pofika m'ma 1820 inayamba kunenepa.

Dzina loti Pembroke linachokera kuti?

Thomas Sheraton, wojambula masitayilo a mipando, analemba mu 1803 kuti linachokera kwa mayi wina wolemekezeka amene anayamba kuitanitsa tebulo lotere. Thomas Chippendale, mmisiri wotchuka wa mipando, m'buku lake la zojambula za mipando la 1754, anajambula lofanana nalo n'kulitcha tebulo la kadzutsa.

Musalisokoneze ndi abale ake awiri. Lotchedwa sofa table ndi lalitali, ndipo mapiko ake ali kumapeto kwakufupi. Lotchedwa Sutherland lili ndi thabwa lapakati lopapatiza kwambiri ndi mapiko aatali olendewera pafupi kufika pansi. Limeneli ndi la m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, osati ya a George.

N'chifukwa chiyani ankakonda mahogany, pomwe mtengowo sumera ku Britain?

Poyamba amisiri a kuno ankagwiritsa ntchito oak, kenako walnut. Chisanu choopsa cha mu 1709 chinapha mitengo yambiri ya walnut ku Ulaya, ndipo mu 1720 dziko la France linaletsa kutumiza matabwa ake kunja. Chaka chotsatira, 1721, nyumba ya malamulo ya Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko amene inkalamulira ku America. Apa ndi pamene mahogany a ku Jamaica anayamba kufika ambiri.

Amisiri atawagwira sanafunenso kuwasiya. Mitengo yake inali ikuluikulu moti thabwa limodzi linkakwana phiko lonse popanda kulumikiza. Sapindika msanga nyengo ikasintha, amasemeka mosagumuka, ndipo tizilombo tofumbwitsa matabwa sitiwakonda. Mwendo wowonda ngati wa matebulo amenewa unatheka chifukwa cha thabwa lotere. Mitengo ya kufupi ndi gombe la Jamaica itayamba kutha, odula anapita ku Bay of Honduras, kumene lero kuli dziko la Belize, ndipo ena ankachokera ku Cuba ndi Santo Domingo. A ku Honduras ndi opepukirapo komanso oyererapo, choncho kawirikawiri ankawaika mkati, n'kumata pamwamba kathabwa kopyapyala ka a ku Cuba.

Pali china chimene ogulitsa ambiri satchula, koma ine sindingachilumphe. Amene ankagwetsa mitengo imeneyi, kuisadza ndi kuikokera kumitsinje anali akapolo ogwidwa ku Africa ndi ana awo. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807, koma lamulo lothetsa ukapolo weniweniwo m'maiko ake linadza mu 1833, George womaliza atamwalira kale. Ndiye kuti m'nthawi yonse ya matebulo amenewa ukapolo unali wololedwa m'madera ambiri kumene thabwa linkachokera. Doko la Lancaster, kwawo kwa kampani yotchuka ya mipando ya Gillows, linali lachinayi pa madoko a Britain ochita malonda a akapolo. Mpaka lero mbendera ya Belize ili ndi mtengo wa mahogany ndi amuna awiri odula mitengo. Ndikagwira thabwa lotere ndimakumbukira kuti manja oyamba kulikhudza anali a munthu wakuda amene sanalipidwe kanthu, ndipo chimenechi chimandipangitsa kuligwira mwaulemu.

Kodi mahogany si mbawa yathu yomwe ija?

Ndi pachibale, koma si mtengo umodzi. Mbawa ili m'gulu lotchedwa Khaya, mahogany a matebulo amenewa ali m'gulu la Swietenia, la ku America, ndipo onse ndi a banja limodzi. N'chifukwa chake kuno mbawa amaigulitsa pa dzina la African mahogany. Koma matabwa a ku Africa anayamba kufika ambiri ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tebulo likakhala la mbawa kapena abale ake a kumadzulo kwa Africa, dziwani kuti si la nthawi ya a George, ngakhale lisemedwe mofanana bwanji.

Amene anapalapo mbawa amadziwa mmene mitsempha yake imapingasirana, puleni ikapita uku ikusalaza, pafupi pomwepo ikuzula. Zimenezi zimasiya timikwingwirima tooneka ngati maliboni. Mahogany akale a ku Cuba ndi Jamaica ndi olemera kuposa mbawa, othinana, ofiira modera, ndipo nthawi zina m'timaenje ta thabwa mumaoneka timadontho toyera ngati choko. Kungonyamula tebulo kumakuuzani zambiri.

Miyendo yowonda chonchi, sithyoka?

Yakhala zaka zoposa 200, ndiye si yofooka monga imaonekera. Kumtunda mwendo umakhala wa masentimita anayi kapena kuposerapo pang'ono, kumunsi pafupifupi theka lake. Mmisiri ankasankha thabwa la mitsempha yowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo kumtundako, kumene kuli kokhuthala, n'kumene ankaboola kuti malilime a felemu alowemo. Katundu wotsikira pansi molunjika umamunyamula bwinobwino.

Chimene mwendo wotere umadana nacho ndi kukokedwa cham'mbali. Yambiri imene ndalumikiza inathyoka chifukwa wina anakoka tebulo pa kapeti, kawilo ka kunsi kwa mwendo n'kukodwa. Timawilo ta mkuwa tija tinapangidwira pansi pa matabwa osalala. Mukafuna kulisuntha tsitsani mapiko, gwirani felemu ya pansi pa thabwa lapakati, mulinyamule. Musaligwire mapiko, ndipo mwana asatsamire pa phiko lotukula.

Wogulitsa akuti ndi la Chippendale. Wina akuti la Sheraton. Ndiwakhulupirire?

Nthawi zambiri akutanthauza sitayilo chabe. Chippendale, amene anabadwira ku Otley mu 1718 n'kumwalira mu 1779, analidi ndi malo aakulu opangira mipando ku St Martin's Lane mu London, koma sankadinda dzina pa katundu wake. Chake chenicheni chimadziwika ndi makalata ndi mabilu osungidwa m'nyumba zimene anagulitsako. George Hepplewhite anamwalira mu 1786, ndipo buku la zojambula lodziwika ndi dzina lake analitulutsa ndi mkazi wake Alice mu 1788. Sheraton anali wojambula ndi wolemba. Palibe mpando kapena tebulo limene latsimikizika kuti linatuluka m'manja mwa awiriwa. Mabuku awo ndi amene anayenda, ndipo amisiri a m'matauni ang'onoang'ono ankatengeramo nzeru.

A Gillows ndi ena mwa ochepa amene, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anayamba kudinda dzina pa katundu wina, kawirikawiri pamwamba pa thabwa lakutsogolo la dirowa. Koma matebulo ochuluka alibe dzina lililonse, ndipo kusowa dzina si chilema.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi lakaledi, osati longotengera?

Funso lalikulu ndi limeneli. Cha pakati pa 1890 ndi 1910 masitayilo a Sheraton anabwereranso m'fasho, ndipo anapanga matebulo ambirimbiri ofanana ndi akalewo. Amenewanso tsopano apitirira zaka 100, choncho ndi akale ndithu, ena ndi okongola, koma si a nthawi ya a George ndipo mtengo wake ndi wina.

Pamwamba pa tebulo pamanama, pansi pake sipanama. Yalani bulangete, pemphani mnzanu akuthandizeni, mulitembenuze miyendo m'mwamba. Kunsi kumeneko mmisiri sankavutika kusalaza kapena kupaka kanthu, chifukwa palibe ankayang'anako. Yendetsani chikhatho pa thabwa: muyenera kumva timafunde tosaya ta puleni ya pamanja. Mukaona mizere ya sowo, ikhale yowongoka ndi yosatalikirana mofanana. Mizere yokhota ngati uta ndi ya sowo yozungulira ya makina, imene inafala m'zaka za m'ma 1800. Thabwa la kunsiko liyenera kukhala louma, lodera lokha ndi mpweya ndi fumbi la zaka. Mukapeza kuti lapakidwa utoto wofiirira paliponse, dzifunseni chimene wopakayo ankabisa.

Kenako tsegulani timikono tija. Pamene takhala tikukhula kunsi kwa phiko payenera kukhala chipsera chokhota, chosalala, ndipo chipseracho chigwirizane ndendende ndi pamene kamkono kamadutsa lero. Chikakhala pena, ndiye kuti pamwamba ndi pansi sizinabadwire limodzi. Zimenezi zimachitika kwambiri: wina amatenga thabwa la tebulo lothyoka miyendo n'kulikwatitsa ndi miyendo ya tebulo lina. Mabowo a masikuluwu opanda ntchito, ndi mthunzi wa felemu wosagwirizana ndi felemu imene ilipo, zimaulula ukwati woterewu.

Sololani dirowa lonse. Matabwa a m'mbali ndi a pansi kawirikawiri amakhala a oak wopyapyala, nthawi zina paini. Mano olumikizira m'makona, aja ooneka ngati mchira wa nkhunda, akhale odulidwa pamanja: ena opyapyala kwambiri, osafanana ndendende, ndipo kamzere kamene mmisiri analemba ndi mpeni kamaonekabe. Mano ofanana onse ngati a chipeso ndi a makina. Kunsi kwa dirowa kukhale kodyeka ndi kutsegulatsegula. Yang'ananinso kuseri kwa thabwa lakutsogolo ngati kuli mabowo otsekedwa, chizindikiro choti zogwirira zinasinthidwa. Zimenezo zokha si mlandu waukulu, zogwirira zambiri zinasinthidwapo.

Ngati mwini wake alola, masulani sikuluwu imodzi ya pa hinjesi. Yakale imakhala yosasongoka kumapeto, mazinga ake osafanana, ndipo mpata wa pamutu sukhala pakati penipeni. Masikuluwu osongoka a makina anafala cha m'ma 1850. Koma samalani, sikuluwu yatsopano ingangotanthauza kuti wina anakonzapo, ndipo wachinyengo amathanso kuika yakale pa tebulo latsopano.

Pamene phiko limakumana ndi thabwa lapakati pali luso limene ndimalikonda koposa. M'mphepete mwa lapakati anasema mobulungira, m'mphepete mwa phiko anakumba kangalande kolandira chobulungiracho, kotero kuti phiko likatsika hinjesi sioneka, likakwera zimatsekana ngati chikope. Pa tebulo lakale pamenepa pamakhala podyeka pang'ono, penanso pogumuka.

Chomaliza, tengani tepi. Thabwa limafota m'lifupi, silifota m'litali. Pakatha zaka 200 zimenezi zimaoneka: tebulo limene linali lozungulira silikhalanso lozungulira ndendende, ndipo pansi pa dirowa pamatseguka kampata kapena mng'alu. Chizindikiro chimodzi sichikwanira kugamula mlandu. Zikagwirizana zinayi kapena zisanu, mtima ukhale pansi.

Nanga timizere toyera ta m'mphepete ndi utoto?

Ayi, ndi timatabwa ta mitundu ina tolowetsedwa m'kangalande. Toyera kawirikawiri ndi boxwood, takuda ndi ebony kapena thabwa lodetsedwa, ndipo lamba wotambalala wa m'mphepete amakhala wa satinwood, tulipwood kapena kingwood. Zakale zinkachekedwa ndi sowo, choncho ndi zokhuthala, milimita imodzi ndi theka kapena kuposa. Za makina ndi zopyapyala ngati pepala lolimba. Pamene pagumuka mpamene mungaonere. Kachidutswa kakamatuka musakataye, kasungeni mu envelopu m'dirowa momwemo.

Ndapeza timabowo ting'onoting'ono kunsi. Latha ntchito?

Osati msanga. Ndi ntchito ya kachilombo kofumbwitsa matabwa, kofanana ndi kamene kamadya nsungwi ndi mitengo ya denga kwathu. Mahogany enieniwo sikawakonda, kamadya matabwa ofewa a mkati, makamaka beech ndi paini. Mabowo akuda, opanda ufa, ndi akale, mwini wake anachoka kalekale. Ikani pepala loyera pansi pa tebulo kwa milungu ingapo m'nyengo yofunda, muzigogoda pang'ono. Mukaona ufa woyera ukugwa, kachilombo kalipo ndipo pafunika mankhwala obayira m'mabowomo. Thabwa likamabonyoka mukalisindikiza ndi chala, limenelo lipite kwa mmisiri.

Chenjezo limodzi: kachilombo kamayenda mkati mwa thabwa, kunja kamangosiya kabowo kozungulira. Mukaona tinjira take tili poyera ngati ngalande, ndiye kuti thabwalo linachekedwa kapena kupalidwa litafumbwa kale.

Laoneka lotuwa ndi la zipsera. Ndilipale ndi sandipepa n'kulipaka vanishi?

Chonde musatero. Ndikupemphani ndi mtima wonse, chifukwa ndinachitapo ndekha ndipo chisoni chake sichinandichoke. Nditangoyamba ntchito kuno, mayi wina wachikulire anabweretsa tebulo la amayi ake loti ndilichotse kachipsera ka kapu. Ine, pozolowera kuti ntchito yabwino ndi yonyezimira, ndinapala pamwamba ponse. Mtundu uja wa uchi wodera unachoka, panatsala thabwa lofiira mosakhwima, ndipo pakona imodzi sandipepa anaboola lamba wa m'mphepete. Mayiwo sanandikalipire. Anangolisisita n'kunena kuti silikuonekanso ngati la kwawo. Ndinakonza zimene ndikanatha, koma chimene ndinachotsa pa ola limodzi sindikanachibwezera.

Khungu la tebulo lakale si utoto. Ndi mafuta, phula, dzuwa, utsi wa makandulo ndi manja a anthu, zosanjikizana pang'onopang'ono. Sheraton analemba za kupukuta mahogany ndi mafuta a linseed osakaniza ndi fumbi la njerwa, ndipo ena ankagwiritsa ntchito phula la njuchi kapena vanishi wa nthawi imeneyo. Kupaka konyezimira ngati galasi kotchedwa French polish kunafika ku Britain cha m'ma 1820, ndipo matebulo ambiri akale anadzapakidwa pambuyo pake. Ogula odziwa amalipira khungu limeneli kuposa china chilichonse. Mukalipala, mtengo wa tebulo umagwa, ndipo vanishi wa masiku ano wa pulasitiki amavuta kumuchotsa osawononga zambiri.

Chimene mungachite nokha ndi ichi: pukutani fumbi ndi nsalu yofewa youma, pakani phula la njuchi pang'ono kwambiri, lisiyeni liume, kenako mulipukute mwamphamvu motsata mitsempha ya thabwa. Kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira. Polishi wopopera, polishi wa pansi ndi mafuta ophikira zisayandikire.

Mwendo ukugwedera. Ndikhomere msomali?

Msomali umang'amba mwendo wowonda. Guluu wa masiku ano wosamatuka nayenso ndi woipa, chifukwa tsiku lina tebulo likadzagwa, m'malo moti polumikizira pamasuke, thabwa ndi limene lidzathyoke. Amisiri akale ankamata ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa, amene amasungunuka ndi madzi ofunda. Wokonza wabwino amamasula polumikizirapo, kutsuka guluu wakale, n'kumatanso ndi wa mtundu womwewo. Mufunseni guluu amene amagwiritsa ntchito musanamusiyire katundu wanu.

Phiko limodzi lapindika, ndipo likatukulidwa limagwera pansi pang'ono. Zimakonzeka?

Kugwerako nthawi zambiri ndi kamkono kodyeka kapena masikuluwu a hinjesi olobodoka, ndipo ndi ntchito yaing'ono. Kupindika ndi nkhani ina. Kumabwera chifukwa mbali imodzi ya thabwa ndi yopakidwa, inayo ili yosapaka, ndiye zimamwa ndi kutaya chinyezi mosiyana. M'nyumba za kuno mdani wamkulu ndi hita. Tebulo likhale kutali ndi hita ndi zenera lolowa dzuwa, pamalo pamene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Kupindika pang'ono ine ndimalangiza kungokulolera. Kuwongola mokakamiza kumafuna kucheka kunsi kwa phiko, ndipo kumeneko n'kuvulaza tebulo kuti lioneke bwino.

Mtengo wake ndi wotani?

Wotsika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuyambira cha m'ma 2000 mipando yakale yofiirira inatsika mtengo kwambiri ku Britain, chifukwa nyumba za masiku ano ndi zing'onozing'ono ndipo achinyamata akukonda zina. Tebulo la Pembroke wamba, lenileni la nthawi ya George III, limatha kugulidwa pa okushoni ya m'tauni yaing'ono ndi mapaundi mahandiredi ochepa. La maonekedwe osowa, la mapiko okhotakhota ngati a gulugufe, la khungu losakhudzidwa, kapena lodziwika nyumba imene linachokera, limafika masauzande.

Pa okushoni kumbukirani kuti mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire. Amawonjezerapo gawo lawo, kawirikawiri cha m'ma kota ya mtengowo, ndi msonkho pamwamba pa gawolo. Pemphani lipoti la mmene katunduyo alili musanapikisane. Kwa ogulitsa a m'masitolo mtengo umakwera, koma amene ali m'mabungwe a ogulitsa katundu wakale, BADA kapena LAPADA, amayenera kukulemberani pa lisiti zaka za katunduyo ndi zimene zinakonzedwapo. Onaninso msinkhu: tebulo lofupika kwambiri kuposa masentimita 70 mwina linadulidwa miyendo kapena linataya timawilo, ndipo zimenezo zimatsitsa mtengo.

Kodi lingapezeke ku Malawi kapena ku Zambia? Nanga ndingatumize kumudzi?

Nthawi ya a George inatha mu 1830, David Livingstone anafika ku nyanja yathu mu 1859, ndipo mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Choncho tebulo lotere likapezeka kwathu, linabwera pambuyo pake ngati katundu wa munthu. Ambiri a mapiko amene mungaone m'nyumba zakale za ku Zomba kapena Blantyre ndi a mbawa kapena mlombwa, opangidwa ndi amisiri a konko. Amenewo ali ndi ulemu wawowawo, ndipo nawonso asapalidwe mwachisawawa. Ku South Africa, kumene Angelezi anakhazikika kale kwambiri, katundu wotere amaoneka pa okushoni za ku Cape Town ndi Johannesburg.

Kutumiza n'kotheka. Katundu wa zaka zoposa 50 amene ali wa mtengo wapamwamba kwambiri amafuna chilolezo cha Arts Council England kuti atuluke mu Britain, koma tebulo wamba silifika pamenepo. Malamulo a CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera zimene zikhoza kutha, pa mahogany amakhudza zipika ndi matabwa ocheka, osati tebulo lopangidwa kale. Ngati pali rosewood kapena kachidutswa ka mnyanga wa njovu, funsani kaye, chifukwa malamulo ake ndi okhwima. Za msonkho wolowera funsani a MRA kapena ZRA katundu asananyamuke.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi nyengo. Kutentha kwa mu kontena, kenako chilimwe cha Okutobala, kenako chinyezi cha dzinja, zimatha kumatula timatabwa ta pamwamba tija. Lopangidwa ndi thabwa lathunthu limapirira kuposa lomata. Likafika, lisakhale pakhonde kapena pafupi ndi khoma lonyowa, muziyang'anira chiswe, ndipo pokolopa simenti madzi asamafike ku miyendo.

Ndingakaone kuti enieni kuti maso azolowere?

Ku London pitani ku Victoria and Albert Museum, kulowa n'kwaulere. Ntchito yotsimikizika ya Chippendale ili ku Harewood House ndi Nostell ku Yorkshire, komanso ku Dumfries House ku Scotland, kumene katundu amene anagulidwa mu 1759 adakali m'nyumba yomweyo. Za Gillows zili ku Judges' Lodgings mu Lancaster.

Koma kumalo amenewa sakulolani kugwira, ndipo ntchito imeneyi imaphunziridwa ndi zala. Nyumba za okushoni zimakhala ndi masiku oonetsa katundu malonda asanachitike, aliyense amalowa ngakhale sagula. Pitani ndi tochi ndi tepi, valani zovala zoti mutha kugwada nazo, ndipo pemphani wantchito wa pamenepo akuthandizeni kutembenuza tebulo. Sololani dirowa, nunkhizani mkati mwake, yendetsani chala kunsi kwa phiko mpaka mupeze chipsera chija cha kamkono.